Za switchi ya valavu ya ekizozi ija, zatheka

Abale, mwezi wathawu ndinafunsa ngati ndingaike switchi yangayanga yotsegulira ndi kutseka valavu ya ekizozi (imene ikatsegulidwa galimoto imalira mokweza kwambiri), rimoti yake itafa. Zikomo nonse amene munandiyankha, tsopano ikugwira.

Nkhani yagona pa kamota kamene kamatembenuza valavuyo. Kali ndi mawaya awiri okha. Mukapatsa moto wa 12V mbali imodzi kamatsegula, mukasinthanitsa mawayawo kamatseka. Nchifukwa chake switchi wamba ya miyendo iwiri siyingathandize. Pamafunika ya miyendo 6, yotchedwa DPDT, imene imabwerera yokha pakati mukaisiya. Miyendo yapakati ndalumikiza ku kamota, iwiri yakumtunda ndaika moto ndi earth (waya wa negetivi), kenako ndadutsitsa timawaya mopingasa kupita ku iwiri yakumunsi. Kubwerera kokhako musakupeputse: valavu ikafika pothera inu n'kumapatsabe moto, kamota kamapsa.

Moto ndatenga pa waya umene umayaka pokhapokha kiyi atatembenuzidwa, kuti batire isamathe usiku, ndipo ndaikapo fyuzi pafupi ndi potengerapo.

Chimene chinandidyera nthawi ndi pansi pa galimoto. Kuno ku Mulanje mvula siyichita kusowa, matope a m'misewu ya m'minda ya tiyi amalowa paliponse. Mawaya ndawaveka paipi ya pulasitiki, ndawamangira kutali ndi kutentha kwa ekizozi, polumikizira ndawotcherera n'kumata bwino.

Ndayesa kuchokera pa Chitakale mpaka Luchenza, sinavute. Chonde, podutsa pachipatala kapena pamaliro tizitseka valavuyo.