Ndithandizeni abale, a lekichara akuti asayimenti yanga ndabera pa intaneti

Membala wobisa dzina: Abale mutu wanga sukugwira. Ndili chaka chachitatu ku yunivesite. Asayimenti ndinatumiza pa intaneti nthawi isanakwane, koma dzulo ndalandira imelo yoti pepala langa laonetsa 58% pa pulogalamu yofufuza zobera, ndiye Lachinayi ndikaonekere kwa a lekichara pamodzi ndi mkulu wa dipatimenti. A lekichara amenewa sanandikondepo chiyambire. Manotsi amatumiza usiku, kalasi akuti tizipangira pa intaneti, ukalowa mawu amangodukaduka, ukafunsa akuti zonse zili m'manotsi. Komanso laputopu yanga batire inafa, imayaka ikakhala pa magetsi basi, ndiye mnzanga wa m'chipinda amazula chaja changa n'kulumikiza foni yake, moti pano sitikuyankhulana. A gulu lathu la zokambirana nawonso ananditulutsa pa WhatsApp chifukwa ndinawauza zoona kuti ntchito amangosiyira ine. Kunyumba maso onse ali pa ine. Kodi angandichotse sukulu? Ndikanene chiyani?

Mphunzitsi Wopuma: Mwana wanga, iwe walemba zonsezi koma sunanene mawu amodzi okha akuti "sindinabere". Ife ndi akuluakulu, timamva ndi zimene munthu sananene. Nthawi yathu unkapita ku laibulale, n'kusaka buku ndi manja ako, n'kulemba ndi cholembera mpaka chala kuchita chithuza. Lero mwana akungogona chagada ndi foni digiri n'kutuluka. INTANETI YAPHA MAPHUNZIRO.

Wosagona Tulo: Kkkk aise 58% ukudandaula? Ine digiri yonse ndinkaisaka 58 imeneyo osaipeza.

Wa ku Laibulale: Achimwene kapena achemwali, 58% ya chiyani? Funso lonse lagona pamenepo. Ngati pulogalamu yake ndi Turnitin, pamatuluka manambala awiri osiyana. Yoyamba imangoonetsa kuchuluka kwa mawu anu ofanana ndi omwe ali pa masamba a pa intaneti, m'majenolo, ndi m'mapepala a ophunzira ena omwe anatumizidwa kale. Imeneyi imatha kuwerengera ndi funso la asayimentiyo, mawu ogwidwa omwe mwatchula mwini wake, ngakhale mndandanda wa mabuku kumapeto. A lekichara ali ndi poti akadina, mawu ogwidwa ndi mndandandawo zimachotsedwa, nambala n'kutsika. Yachiwiri ndi yoyerekeza ngati munalembetsa kwa AI (mapulogalamu a kompyuta olemba ngati munthu), imeneyi anaiyambitsa mu Epulo 2023 ndipo amaiona ndi aphunzitsi okha. Tiuzeni ndi iti.

Mphunzitsi Wopuma: A Laibulale, musamuphunzitse mwana njira zozembera. Makina sanama. Chiyambire 2020, matenda a Covid atatsekereza anthu m'nyumba n'kusamutsira makalasi pa Zoom, ulemu wa sukulu unathera pomwepo. Kenako mu Novembala 2022 kwabwera AI yotchedwa ChatGPT kudzamaliza maliro. Ine ndikanakhala ndi mphamvu, foni ndi laputopu bwenzi zikutsala pa geti.

Wokonza Makompyuta: Bambo, makina amanama ndithu, ndimakhala nawo tsiku lililonse. Eni ake a ChatGPT, a OpenAI, anatulutsa chida chawo chozindikira zolembedwa ndi AI kumayambiriro kwa 2023, pofika Julaye chaka chomwecho anachichotsa okha chifukwa chinkaphonya kwambiri. Koma changa ndi ichi: anthu inu simusunga mafayilo anu pawiri. Ndakhala ndikulalika pa gulu pano mpaka mawu kusasa. Ntchito ya semesita yonse munthu waiika pa fulashi imodzi yopachika pa makiyi. Amene mwafunsanu, ngati munalembera mu Google Docs tsegulani Version history, imaonetsa tsiku ndi ola limene ndime iliyonse inalowa. Word nayo imasunga ngati fayilo ili pa OneDrive. Batire ya laputopuyo nayo musinthe, tsiku lina idzazima fayilo ili pakati.

Mayi wa Awiri: Ine zinandionekera nditabwerera kusukulu ndili ndi ana kale. Mnzanga wina anati bwera nalo pepala lako ndikuyezere kaye pa pulogalamu yofufuza zobera ya kusukulu kwathu usanatumize. Osadziwa kuti pepalalo lasungidwa kumeneko. Nditatumiza kwathu linafanana ndi langa lomwe pafupifupi lonse. Ndinalira ngati mwana. Mnzangayo mpaka lero tikakumana amayang'ana kumbali, ndipo ndalama yanga ina sanabweze.

Mjomba wa Onse: Zosavuta izi. Pali mapulogalamu osinthira mawu, mumangoponyamo ndime yonse imatuluka yatsopano. Pemphani kuti mutumizenso basi.

Mphunzitsi Wopuma: MWAONATU? Ndi ameneyu m'badwo wake. Akuphunzitsana kuba masana dzuwa likuswa mtengo. Mawa ameneyu akhala dokotala, adzakuchitani opaleshoni akufunsa foni.

Lekichara Wina: A Mjomba, zosinthidwa choncho timazizindikira pa ndime yoyamba, chifukwa mawu a phunziro lenileni amasanduka zinthu zosamveka. Ndiyankhepo ngati mmodzi wa omwe mukuwanenawo. Kalasi ikakhala ya anthu mazana, munthu mmodzi sangawerenge pepala lililonse ndi diso la nkhwazi, n'chifukwa chake timayamba ndi nambala. Koma nambala yokha sitiweruzira. Ine chimene chimandigwiritsa anthu ndi mabuku opeka: AI imatha kulemba dzina la wolemba weniweni, mutu wokoma, chaka ndi tsamba, ukakasaka pa Google Scholar nkhaniyo kulibe. Lachinayi akakufunsani kuti mufotokoze ndime ina ndi pakamwa panu. Wolemba yekha savutika pamenepo. Zoti manotsi timatumiza usiku, masana timakhala tili m'kalasi ndi anzanu ena.

Mphunzitsi Wopuma: A Lekichara, ndi ulemu wonse, inunso muli m'gulu lomwelo. Mphunzitsi weniweni amadziwa kalembedwe ka mwana aliyense. Ine ndinkangoona mzere umodzi n'kudziwa kuti uyu wakopera kwa uje, popanda kompyuta.

Lekichara Wina: Munali ndi ana angati m'kalasi, bambo?

Mphunzitsi Wopuma: Chiwerengero si nkhani. Nkhani ndi mtima wa ntchito.

Wa Bungwe la Ophunzira: Mukukangana, mwini funso ali njenjenje. Musanapite, werengani buku la malamulo a ophunzira la pasukulu panu, gawo la kubera, chifukwa zilango zimasiyana sukulu ndi sukulu, ndipo kawirikawiri koyamba sikufanana ndi kobwereza. Yankhani imeloyo mwaulemu, mupemphe lipoti lonse la pulogalamuyo muone ndime zomwe zafanana komanso zafanana ndi chiyani. Funsani ngati mukuloledwa kupita ndi woimira ophunzira. Za chaja ndi za WhatsApp musakazitchule m'menemo.

Mlongo Wopemphera: Limbani mtima m'bale, tikukuikani m'mapemphero. Mnzanu wa m'chipindayo mumukhululukire, mwina chitseko chatsekeka chifukwa cha mkwiyo.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. A Mphunzitsi Wopuma mwandiweruza musanandimve, mukufanana ndi malume anga. Mnzanga wa m'chipinda uja wawerenga izi, wazindikira kuti ndine, pano wandibisira ekisitenshoni.

Wa ku Laibulale: Pepani ndi za ekisitenshoniyo, koma 58% ija ndi ya kufanana kwa mawu kapena ya AI? Nanga fayilo yanu munapatsako munthu musanatumize?

Mphunzitsi Wopuma: Sayankha ameneyo. Ndipo a Lekichara, kalasi yanga inali yodzadza mpaka ena kukhala pansi, musaganize kuti ndathawa funso lanu.