Bwana akuti ndikhale manijala wa famu ya nyama, nditchule zingati?

Bambo a Tadala, Vaalwater: Abale anga, pepani ndalemba usiku, nkhaniyi ikufuna yankho kusanache. Manijala wa famu ya nyama zakutchire yomwe ndimagwira kuno ku South Africa wasiya ntchito, wanyamuka Loweruka. Bwana wandiitana madzulo ano, akuti popeza ndakhala zaka 6 ndipo mpanda wonse ndimaudziwa, ndilowe m'malo mwake. Andichotsa pa R6,200 kundiika pa R9,000, ndisamukire m'nyumba ya uja, koma ovataimu yatha chifukwa ati manijala salemba maola. Akufuna yankho mawa 7 koloko. Inu odziwa, manijala wa famu yotere amalandira zingati? Ine nditchule zingati?

Mlamu wa ku Thabazimbi: Eee, Mulungu ndi wabwino! Vomerani msanga alamu asanasinthe maganizo. Ndipo malo mukusiyawo musapatse wina, mphwanga ali pa Diepsloot miyezi inayi osagwira kanthu.

Mnyamata wa ku Salima: Mawa tikuonani mu kabudula wa khaki ndi masokosi ofika m'mawondo, bigi. Chotsatira ndi mimba ya ubwana!

Achimwene a ku Sabi Sand: Kuno kuloji sitiyang'ana malipiro apamwezi okha, timayang'ana matipi. Mlendo wa ku America akaona kambuku tsiku loyamba, envelopu yake imalemera. Timagwira masabata 6 osapuma kenaka awiri kunyumba, chakudya ndi malo ogona n'zapakampani. Ine ndinganene kuti bwerani kuloji, za mafamuzo n'zotopetsa.

Bambo a Tadala, Vaalwater: Achimwene, kuno si loji. Timaweta njati ndi mphalapala zogulitsa, ndiye nthawi yozizira kumabwera alenje. Funso langa ndi la malipiro a manijala.

aPhiri, Lephalale: Mwana wanga, khala pansi umve. Ine ndinalowa m'mafamu a nyama iwe usanatenge pasipoti. Ndinaona zaka zomwe nyama zinali ngati golide. Mu 2016 njati imodzi yotchedwa Horizon, gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a umwini wake linagulidwa R44 miliyoni. Nthawi imeneyo aliyense amafuna nyumbu zagolide ndi nswala zakuda, mabwana akulanditsana mamanijala, bonasi ikutuluka ukangotha msika wa nyama. Kenaka mitengo ya nyama zamitundumitunduzo inagwa ngati khoma lamvula, Covid n'kudzamaliza. Famu yomwe ndinali inatichotsa anthu asanu ndi awiri tsiku limodzi, manijala weniweniyo n'kukhala woyamba kupakira katundu. Ndiye usamve dzina lokha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mlamu wa ku Thabazimbi: Madala, nanu mwayamba kuopseza mwana. Munthu wapeza mwayi inu mukukamba za 2016.

aPhiri, Lephalale: Iwe unayamba wagwirapo njati m'khola? Ntchito yako ndi ya m'munda wa maluwa, za nyama usiyire ife.

Nabanda, Hoedspruit: Bambo a Tadala, ine ndimakhala mu ofesi ndipo mapayslip amadutsa m'manja mwanga, ndiye tiyeni tiwerengere limodzi. Kuyambira pa 1 Malichi 2025 malipiro otsikitsitsa m'dziko muno anaikidwa pa R28.79 pa ola, ndipo a m'mafamu nawonso ali pomwepo. Maola 45 pa sabata amabweretsa pafupifupi R5,600 pamwezi. Ndiye R6,200 yanuyo ili pamwamba pang'ono chabe pa munthu amene walowa dzulo. Tsono ola lanu ndi pafupifupi R32, la ovataimu ndi limodzi ndi theka, R48. Nthawi ya alenje mukawonjezera maola 10 pa sabata, ndi R2,000 ndi kanthu pamwezi, osawerengera Lamlungu. Mwezi wa Juni munalandira zingati?

Bambo a Tadala, Vaalwater: Juni ndinalandira R8,400 achemwali. Tinkasenda zikopa mpaka 10 koloko usiku.

Nabanda, Hoedspruit: Mwaona? Tsopano tengani R9,000. Akayamba kudula ya nyumba, lamulo la m'mafamu limalola mpaka 10 peresenti, ndiyo R900. UIF, inshuwalansi ya ntchito ikatha, ndi 1 peresenti, R90. Malinga ndi malire a 2025, msonkho umayamba munthu akapitirira R95,750 pachaka, inu mudzakhala pa R108,000, ndiye bungwe la msonkho la SARS lidzatenga pafupifupi R180 pamwezi. M'thumba mutsala ndi R7,800 ndi timakobidi. Ndiye kuti mwezi wa alenje mudzalandira zochepa kuposa zomwe munalandira Juni uja, pomwe pampu ikafa pakati pa usiku odzutsidwa ndinu, njati ikathyola mpanda woyankha ndinu.

Mnyamata wa ku Salima: Anabanda akanakhala a Treasury kumudzi, kwacha bwenzi ikugula ng'ombe.

Watsopano: Moni mabwana, ndafika sabata yatha ndili ku Musina. Ntchito za nyamazo ndikuzifuna, nditumizireni nambala ya bwanayo. Chilichonse ndigwira, ngakhale R3,000.

aPhiri, Lephalale: Taonani izi. Sunapereke n'komwe dzina la kwanu, wayamba kupempha nambala ya bwana wa mnzako. Ndipo R3,000 imene ukutchulayo ndiyo imatipha tonse. Bwana akamva kuti pali Mmalawi wovomera theka la malipiro a boma, enafe tidzapempha bwanji kukwezedwa? Werenga kaye zomwe anzako alemba, ufunse bwinobwino.

Mayi a Chisomo, Polokwane: Musamukalipire kwambiri madala, tonse tinafika chimodzimodzi ndi kachikwama kamodzi. Mwanawe, masiku 30 amene anakudindira pa Beitbridge uwasamale. Ukapitirira n'kukatuluka mochedwa amakuletsa kulowa chaka chimodzi, ukapitirira kuposa mwezi ndi zaka zisanu. Ndipo pasipoti yako usapereke kwa bwana aliyense kuti akusungire.

Mlamu wa ku Thabazimbi: Zimenezo zitha posachedwa. Januwale akubwerayu Amalawi tipatsidwa pemiti yapadera ngati ya anzathu a ku Zimbabwe, nkhani yatha kale. Wandiuza ndi mnzanga amene mlamu wake amayendetsa galimoto ya akuluakulu ku Pretoria.

Nabanda, Hoedspruit: Alamu, nkhani imeneyo timaimva Disembala aliyense. Pemiti yapaderayo, ya ZEP, ndi ya a ku Zimbabwe, a ku Lesotho ali ndi yawo, ife tilibe. Musapereke ndalama kwa munthu amene akuti akulembetsani mayina.

Mlamu wa ku Thabazimbi: Mudzaona nokha.

Malume a ku Makhanda: Ndalowa mochedwa, ndinali koyendera mpanda. Ine ndine wachiwiri kwa manijala kuno ku Eastern Cape, ndiye ndiyankheko funso lenilenilo. Mtengo umodzi wa manijala kulibe, ndipo boma silinaike. Ine ndimalandira R14,000, nyumba ndi magetsi osadula, ndi nyama ya m'firiji mwezi uliwonse. Wamkulu wanga amalandira kuposa kawiri pamenepo, kuwonjezera galimoto ya bakkie, mafuta ndi medical aid. Kusiyana kwathu sikuti amadziwa nyama kuposa ine ayi. Ali ndi dipuloma, amalankhula Afrikaans ndi alenje komanso dokotala wa nyama, amalemba mabuku ndi kupempha mapemiti osamutsira nyama ku ofesi ya chigawo, ndipo ali ndi chilolezo cha mfuti. Bwana amayang'ananso kukula kwa famu ndi mtengo wa nyama zili m'katimo. Kusunga nswala ndi njiri pa mahekitala 500 n'kosiyana ndi kusunga njati zopanda matenda kapena chipembere, pomwe nyama imodzi ikafa watayitsa ndalama yoposa malipiro ako a chaka. Bambo a Tadala, famu yanu ndi yaikulu bwanji, ndipo pansi panu padzakhala anthu angati?

Bambo a Tadala, Vaalwater: Mahekitala 1,800 malume. Antchito tilipo 9, njati 40 ndi kanthu, mphalapala zili m'makampu atatu. Laisensi ya Code 10 yoyendetsera lole ndili nayo, pampu ndi magetsi a mpanda ndimakonza ndekha. Mfuti ndiye sindigwira.

Malume a ku Makhanda: Mfutiyo ndiyo imatigwetsa ambirife. Satifiketi ya mfuti amapereka kwa nzika kapena amene ali ndi chilolezo chokhazikika m'dziko muno (permanent residence), chiphaso cha alonda cha PSIRA chimodzimodzi. Ndiye bwana adzanena kuti ntchito yolondera opha nyama ndi yomaliza nyama yovulala ayenera kulipira wina, n'chifukwa chake akukutsitsani. Pamenepo ali ndi mfundo. Koma pampu, magetsi ndi Code 10 ndi ntchito za anthu atatu zimene mukumupulumutsira. Ndikanakhala ine sindikanatsika pa R13,000, nyumba osadula.

aPhiri, Lephalale: R13,000 kwa Mmalawi m'dera lathu lino la Waterberg? Malume, Eastern Cape yakupusitsani. Akatchula zimenezo mawa lomwelo bwana aitana mwana wa mnzake wongochoka ku koleji.

Malume a ku Makhanda: Mwana wa ku kolejiyo sadziwa kuti njati yaikazi iti yatsala pang'ono kuswa, ndipo pa R9,000 sangakhale miyezi itatu kutchire. Bwana akudziwa zimenezo, n'chifukwa chake waitana munthu wa zaka 6.

aPhiri, Lephalale: Ine ndanena. Ndaona zambiri.

Achimwene a ku Sabi Sand: Nonse mukulimbana ndi zazing'ono. Tengani satifiketi ya FGASA, bungwe la otsogolera alendo kutchire, mukhale otsogolera alendo. Kapena pitani ku Southern African Wildlife College pafupi ndi geti la Orpen la Kruger National Park, amaphunzitsa anthu ochokera maiko ambiri a mu Africa muno. Ukakhala ndi pepala limenelo ngakhale kumudzi ukhoza kukafunsira ku Majete kapena ku Liwonde, kumene kuli African Parks.

Mayi a Chisomo, Polokwane: Mwatchula Liwonde mtima wanga wagunda. Pano mango ayamba kupsa kwathu, ana akugenda m'mitengo. Basi ikaima pa mlatho paja, chambo chowamba m'malichero, amayi akukuwa pawindo. Zaka zinayi tsopano sindinaone Shire. Mayi anga andiimbira dzulo kuti mvula yoyamba yagwa koma feteleza alibe.

Mnyamata wa ku Salima: Musatiliritse usiku uno mayi. Ine ndikulota nkhwani wotendera ndi kondowole, ndikadzuka ndi pap ya mu shopu yomweyo.

Mlamu wa ku Thabazimbi: Za feteleza zomwezo, ndani watumiza ndalama lero? Mukuru ikupereka bwanji poyerekeza ndi Mama Money? Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndimatumiza zomwezomwezo koma kunyumba akuti sizikufika pakati pa mwezi.

Nabanda, Hoedspruit: Abale, za mango ndi Mukuru tikamba mawa, munthuyu ali ndi maola ochepa. Bambo a Tadala, mawu akuti manijala salemba maola musangowameza. Pa ntchito ngati yanu, lamulo limachotsa ovataimu kwa anthu awiri: amene amalandira kuposa R261,748 pachaka, ndiyo pafupifupi R21,800 pamwezi malinga ndi malire a Epulo 2025, ndi bwana wamkulu weniweni amene ali ndi mphamvu yolemba ndi kuchotsa anthu ntchito. R9,000 ili kutali ndi malire amenewo. Ndiye mumufunse mwaulemu: kodi ndidzatha kulemba kapena kuchotsa munthu ndekha? Akati ayi, ndiye kuti ndinu kapitawo, ovataimu yanu ikhalepo. Akati inde, malipiro afanane ndi udindowo. Za nyumbanso, saloledwa kudula ngati ikudontha, ilibe mawindo agalasi otseguka, chimbudzi, kapena madzi abwino pafupi.

Bambo a Junior, Modimolle: Mverani Anabanda. Ine zinandionekera. Anandipatsa dzina lomwelo pakamwa, makiyi a sitolo ndi wailesi ya m'manja, ndinasangalala mpaka kuimbira akazi anga kumudzi kuti ayambe kuumbitsa njerwa. Miyezi isanu ndikudzuka 4 koloko, payslip ikulembabe general worker. Tsiku lina mphalapala yamphongo inakodwa pa waya n'kufa, ndinaipeza m'mawa miyendo itauma kale, ntchentche zili ng'waa m'maso. Anandidula malipiro miyezi iwiri kenaka n'kundithamangitsa. Ndinkaopa kupita ku CCMA, bungwe loweruza milandu ya antchito ndi mabwana, chifukwa pemiti inali itatha, ndinadzamva mochedwa kuti amalandira dandaulo ngakhale la wopanda mapepala, koma liyenera kufika pasanathe masiku 30. Zonse zilembedwe: dzina la udindo, malipiro, nyumba, masiku opuma, ndi zoti nyama ikafa sakudulani popanda kumva mbali yanu.

Watsopano: Pepani madala aPhiri, ndine wa ku Ntcheu, kwa Ganya. CCMA imeneyo ili kuti?

aPhiri, Lephalale: Wa kwa Ganya? Bwanji osanena poyamba, mayi anga ndi a konko. Undilembere kumbali, usagonenso pa renki.

Bambo a Tadala, Vaalwater: Zikomo nonse. Ndalemba pa pepala: R13,000, nyumba osadula, Lamlungu ndi maholide zilipiridwe padera, kontirakiti yosainidwa ndisanasamuke. Akakana ndimuuza kuti ndigwire miyezi itatu ngati kapitawo pa R9,000 ndi ovataimu yanga, tidzakambiranenso alenje asanayambe mu Meyi. Mantha ndili nawo, sindinayambe ndatchulapo mtengo pamaso pa mzungu. Anabanda, magetsi a m'nyumbamo amalowa mu 10 peresenti ija kapena amadula padera?

Mlamu wa ku Thabazimbi: Za mphwanga uja musaiwale alamu.

Mayi a Chisomo, Polokwane: Tikupemphererani bambo. Alipo akukwera basi ya pa Park Station Lachisanu? Ndili ndi kachikwama ka mankhwala a mayi, kakatsike pa Liwonde.