Mwambi woti "atambala awiri salira m'khola limodzi" ukukana kugawana ulamuliro kodi?

Wofunsa:

Akuluakulu, ndithandizeni kumasulira mwambi uwu, wandisowetsa mtendere. Dzulo ndimacheza ndi malume anga, n'kumawafotokozera zomwe ndikuphunzira za ulamuliro wa fedulo. Ndimawauza kuti kuli mayiko komwe munthu amakhala pansi pa maboma awiri nthawi imodzi, boma lalikulu la dziko lonse ndi boma la chigawo chake, lililonse lili ndi nyumba yake ya malamulo, lililonse likutolera msonkho wake. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anangoti, "Mphwanga, atambala awiri salira m'khola limodzi." Ndinasowa choyankha.

Pomwe pandivuta ndi pa mawu oti "salira". M'chinenero chathu tikati nkhuku siyamwitsa, tikutanthauza kuti n'zosatheka. Tikati mwana satukwana akulu, n'zotheka ndithu koma n'zoletsedwa. Ndiye atambalawa salira chifukwa sangathe, kapena chifukwa sayenera? Nanga kholalo likuimira chiyani, dziko lonse kapena mpando umodzi? Ngati ndi dziko lonse, ndiye kuti makolo athu ankakana chilichonse chomwe demokalase imaphunzitsa pa nkhani yogawana mphamvu, ndipo zimenezo zikundivuta kuvomereza.

Yankho loyamba:

Mwanawe, wafunsa bwino. Amene anaweta nkhuku amadziwa kuti atambala awiri akhoza kugona malo amodzi, koma amayamba amenyana kaye mpaka wina agonje. Wogonjayo amayenda chozemba, akafuna kulira amapita kaye kuseri. Choncho "salira" apa akunena zomwe zimachitika, sikuti ndi lamulo loletsa. Ine kuyambira ndili mnyamata mwambiwu ndaumva ukunenedwa pamene anthu awiri akulimbirana udindo umodzi, aliyense akufuna kuti mawu omaliza akhale ake pa nkhani imodzimodziyo. Sindinaumvepo ukunenedwa pofuna kuletsa mtsogoleri kukhala ndi aphungu kapena omudzudzula. Khola ndi mpando, si dziko ayi.

Yankho lachiwiri:

Bambo, mwandichotsa mawu m'kamwa. Ndiwonjezerepo za mbali ya malamulo, poti ndi zomwe ndinaphunzira.

Mukafuna kuona mwambiwu ukukwaniritsidwa, onani zomwe zinachitika ku Côte d'Ivoire mu Disembala 2010. Chisankho chitatha, Laurent Gbagbo ndi Alassane Ouattara onse awiri analumbira kuti ndi pulezidenti, aliyense n'kusankha nduna zake. Mpando unali umodzi, asilikali anagawikana, ndipo anthu pafupifupi 3,000 anafa Gbagbo asanagwidwe mu Epulo 2011. Amenewo ndiye atambala awiri m'khola limodzi, ndipo palibe wophunzira malamulo amene anganene kuti imeneyo ndi fedulo.

Fedulo ndi kumanga makola angapo pabwalo limodzi, n'kulemba poyera kuti khola ili ndi la uyu, ilo ndi la uyo. Cholembedwacho ndiye malamulo aakulu oyendetsera dziko. Ku America anayamba ndi boma lalikulu lofooka kwambiri, loti silinkatha ngakhale kutolera msonkho, linkachita kupempha ndalama kwa zigawo. Ataona kuti zinthu sizikuyenda, anakumana ku Philadelphia mu 1787 n'kulemba malamulo atsopano. Boma lalikulu analipatsa ntchito zowerengeka: kusindikiza ndalama, kuchita mapangano ndi mayiko ena, kulengeza nkhondo, kuyang'anira malonda a pakati pa zigawo. Mu 1791 anawonjezera ndime yonena kuti mphamvu zomwe sizinaperekedwe ku boma lalikulu, komanso sizinaletsedwe kwa zigawo, zitsala m'manja mwa zigawo kapena mwa anthu eni ake. N'chifukwa chake mpaka lero m'zigawo 50 za dzikolo malamulo a ukwati, a ziphaso zoyendetsera galimoto ngakhale a chilango cha imfa amasiyana. Ku Germany nako kuli zigawo 16, ndipo nkhani za sukulu ndi apolisi zambiri zili m'manja mwa zigawozo.

Nthambi zitatu za boma zimayendanso chimodzimodzi. Aphungu amapanga malamulo, pulezidenti kapena nduna yaikulu ndi nduna zake amawagwiritsa ntchito, makhoti amawamasulira. Onsewo ndi atambala, koma aliyense ali ndi pake polirira.

Yankho lachitatu:

Achemwali, mwafotokoza momveka, koma ine ndikuona kuti malume a mnyamatayu tisawachotsere nzeru msanga. Pa pepala makolawo amaoneka olekana bwinobwino, koma munthu amene akulamulidwayo ndi mmodzi. Sukulu yomwe mwana wake akupita ndi imodzi. Tsiku lina maboma awiriwo adzanena zosiyana pa mwana yemweyo, ndiye pamenepo alira ndani?

Dziko la America lomwe mwatchulalo linamenyana lokhalokha kuyambira 1861 mpaka 1865, zigawo 11 za kummwera zitachoka m'chitaganya pofuna kusunga ukapolo. Anthu oposa 600,000 anafa. Ku Nigeria, komwe analandira ufulu mu 1960 ali ndi zigawo zitatu zikuluzikulu, chigawo cha kummawa chinadzipatula mu 1967 n'kudzitcha Biafra, nkhondo n'kukhalapo mpaka 1970. Lero ali ndi zigawo 36, ndipo chimodzi mwa zifukwa zozidulira zing'onozing'ono chinali choti pasapezekenso chigawo champhamvu zoti n'kulimbana ndi boma lalikulu. Kodi kumeneko si kuvomereza kuti mwambiwu ukunena zoona?

Yankho lachiwiri, kubwereranso:

Achimwene, pamenepo mwagwira pofunika, ndipo sindikukana. Olemba malamulo a fedulo nawonso anadziwa kuti tsiku lotero lidzafika, n'chifukwa chake amaikiratu zinthu ziwiri: lamulo lonena kuti pakakhala kusemphana amene atsogole ndi uti, ndi khoti loti liweruze malire.

Tengani nkhani ya ku Little Rock, mzinda wa m'chigawo cha Arkansas ku America. Mu 1954 khoti lalikulu la America linagamula kuti kulekanitsa ana akuda ndi azungu m'sukulu za boma n'kuphwanya malamulo aakulu a dziko. Mu 1957 bwanamkubwa wa chigawo cha Arkansas, Orval Faubus, anaika asilikali a chigawo chake pakhomo pa sukulu ya sekondale ya Central kuti ana 9 akuda asalowe. Pulezidenti Eisenhower anatumiza asilikali a boma lalikulu, anawo n'kulowa m'kalasi asilikali akuwaperekeza. Wina akhoza kunena kuti tambala wamkulu anangothamangitsa wamng'ono. Koma taonani bwino: Eisenhower sanachotse Faubus pampando, analibe mphamvu zimenezo. Faubus anakhalabe bwanamkubwa mpaka 1967, anthu a chigawo chake akumusankha. Anagonja pa nkhani imodzi yokha, yomwe khoti linali litanena kale kuti si ya m'khola mwake.

Apa ndi pomwe fedulo imasiyana ndi kungotsitsira mphamvu kumakhonsolo. Boma lalikulu likangobwereketsa mphamvu, likhoza kuzilandanso tsiku lililonse. Mu 1972 boma la ku London linaimitsa nyumba ya malamulo ya Northern Ireland, chigawo cha dziko la United Kingdom, ndipo malamulo ankalola, chifukwa nyumbayo inakhazikitsidwa ndi aphungu a ku London omwewo. Ku America zimenezo sizingatheke. Kuti malamulo aakulu asinthe pamafunika zigawo 38 mwa 50 zivomereze. A ku Germany anapitirira apo, m'malamulo awo a 1949 analemba kuti kugawa dziko m'zigawo sikungathetsedwe ngakhale aphungu onse atagwirizana.

Chomwe chimandikhudza ine n'chakuti zonsezi zimadalira wogonja kukhoti kuti avomere kugonja. Akakana, pepala palokha silingamugwire dzanja.

Yankho lachinayi:

Ndingoponyapo kamodzi. Aroma akale ankasankha dala atsogoleri awiri chaka chilichonse, mphamvu zofanana, aliyense wotha kuletsa zomwe mnzake walamula. Ankaopa ufumu kuposa mkangano. Ku Switzerland mpaka pano dziko limayendetsedwa ndi anthu 7, upulezidenti n'kumasinthana chaka ndi chaka. Ndipo tisaiwale kuti makolo omwe anati atambala awiri salira m'khola limodzi ndi omwenso anati mutu umodzi susenza denga. Sankadzitsutsa. Mwambi wina ukunena za kulimbirana mpando, winawo za kusenzerana ntchito.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri nonsenu, makamaka inu bambo pa nkhani ya "salira", chifukwa pamenepo ndi pomwe ndinatsamwa. Ndikapitanso kwa malume ndikawafunsa kuti iwo khola akulitenga ngati chiyani, ndipo ndikawafotokozera za Faubus, kuti anagonja koma mpando wake sanaulande.

Komabe achemwali, mawu anu omaliza andisiyira funso lina. Mwati khoti ndi lomwe limaweruza malire a makolawa. Koma ku America oweruza a khoti lalikulu amasankhidwa ndi pulezidenti n'kuvomerezedwa ndi nyumba ya Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo za boma lalikulu, ndipo malipiro awo amachokera ku boma lalikulu lomwelo. Malume akandifunsa kuti woweruzayo si nkhuku ya m'khola la tambala wamkulu kodi, ndikawayankhe chiyani?