Zenera la terminal lizitseka lokha kapena lizidikira?

Akuluakulu a Linux, ndithandizeni nzeru. Ndine mphunzitsi kuno ku Ngabu. Laputopu yanga ndi yakalekale, RAM yake 2GB basi, ndiye ndi kutentha kwa kuno kuchigwa ndikatsegula bulawuza yolemera fani imalira ngati chigayo. N'chifukwa chake ndinasamukira pa surf, kabulawuza kopepuka ka a suckless kaja.

Mukudziwa surf sikoka yokha mafayilo. Ukadina linki ya fayilo, imatsegula st (terminal, zenera lolembamo malamulo), pulogalamu yokokera mafayilo ya curl n'kumakoka, ndipo kumapeto kwa mzere wa lamulo la curl kuli `; read`, lamulo lodikira kuti munthu alembe kanthu, choncho zenera limangokhala duu kudikira Enter. Ndimakoka mapepala a mayeso akale usiku ndi bandulo yotchipa ija, kukacha mazenera 12 ali mbwee.

Nditatopa ndinachotsa `read` mu config.h, fayilo ya masetingi a surf, n'kukompailanso. Lachiwiri netiweki inaduka pakati, zenera linadzitsekera mwakachetechete. Ndinazindikira ndili kale kosindikiza mapepala pamsika, PDF ikukana kutseguka, ya kabaza nditalipira kale. Nanga nditani apa?

Wa ku Nchalo: Aphunzitsi, bwezerani `read`, mungosintha `;` ikhale `||`, kuti `read` izigwira ntchito pokhapokha curl ikalephera. curl ikayenda bwino imabweza 0, zenera litseka lokha. Ikalephera zenera lidikira, muwerenge chavuta.

Wa ku Bangula: Zoona achimwene, koma muwonjezere `-f`. Popanda imeneyo seva ikayankha 404 (kuti fayilo palibe), curl imasunga tsamba la cholakwikalo ngati fayilo n'kubweza 0 yemweyo. Mupitanso pamsika ndi PDF yabodza.

Wa ku Nsanje Boma: Ine ndiye ayi. Zenera lizikhala nthawi zonse, ndione dzina la fayilo ndi kukula kwake. Kudina Enter ndi ntchito? Mu surf yakale ankangoika `sleep 5`, zenera lidikire masekondi 5 kenako litseke.

Wofunsa: Bambo aku Nsanje, masekondi 5 ine ndili mtulo andithandiza chiyani? Ndatenga `-f` ndi `||`. Koma fayilo yodukayo ndiyambirenso? Bandulo yatsala pang'ono.

Wa ku Nchalo: Ayi. Lowani mu foda yomweyo, lembani `curl -C - -O` ndi linki ija. Seva ikalola, ipitirira pomwe inadukira. Dzina la fayilo yodukayo lifanane ndi lomwe lili kumapeto kwa linki, apo ayi iyambira pachiyambi.

Wofunsa: Takhuta. Ndiyesa usiku uno magetsi akayaka.