Timizere takuda pa nthambi za birch, ndi fangasi yanji imeneyi?

wodzala_mitengo:
Abale amene munaphunzira za zomera ndithandizeni. Ndimagwira ntchito yodzala mitengo kuno ku Scotland ndiye ma birch ang'onoang'ono ambiri akuuma kuyambira kunsonga, pa tinthambi pali timizere takuda totupa tong'amba khungwa, masamba nawo kunsi kwake kuli ufa wa orenji ukagwira umatsalira m'zala. Mitengo ina yaikulu ili ndi timitolo ta tinthambi tothinana, si zisa ayi ndayang'anitsitsa. Kodi onsewa ndi matenda amodzi? Ndajambula pa foni koma app ikungondipatsa mayina osiyanasiyana

wa_mu_labu:
Achimwene zimenezo ndi zinthu zitatu zosiyana. Ufa wa orenjiwo ndi Melampsoridium betulinum, dzimbiri la masamba, limachuluka nyengo yotentha ikamatha ndipo gawo lina la moyo wake limakakhala pa mtengo wina wotchedwa larch. Timitoloto nthawi zambiri ndi Taphrina betulina, imasokoneza kaphukidwe nthambi nkumangotuluka malo amodzi, koma mtengo umakhalabe zaka zambiri uli nato.

Pa zakudazo ndiye pali ntchito. Choyamba ndiuzeni, kanthambiko kanali pa mtengo wamoyo kapena munakatola pansi katauma kale? Ngati ndi mphukira yanthete yamoyo ine ndikuganiza kuti ndi Anisogramma virgultorum, a Forest Research, bungwe la kafukufuku wa nkhalango ku Britain, anaifufuza pa nkhani yomweyi ya kuuma kwa birch ku Scotland, pamodzi ndi Marssonina betulae imene imayambira pa masamba ngati madontho kenako nkulowa m'nthambi makamaka pa Betula pendula. Koma nthambi yakufa imakhala ndi eni ake ena, Diatrypella favacea, Melanconis stilbostoma, onse akuda onse ong'amba khungwa, ndi maso okha simungalumbire.

mayi_wa_bowa:
Foniyo isiyeni kaye bambo, app singaone masipowa, timbewu ting'onoting'ono ta fangasi. Pezani kagalasi kokulitsa ka x10 muone ngati mzere watsata utali wa nthambi kapena wadutsa chopingasa. Kenako lezala yatsopano, senga kachidutswa kopyapyala kwambiri, ikani pa silaidi ndi kadontho ka madzi, vundikirani nkukanikiza pang'onopang'ono kuti timatumba ta masipowa tituluke, muyang'ane pa maikulosikopu pa x400. Ma ascomycete ambiri, gulu la fangasi zosunga masipowa m'timatumba, kathumba kamodzi kamakhala ndi masipowa 8, ndiye mukaona kathumba kodzaza tho ndi timasipowa tambirimbiri topindika ngati nthochi, mwafika kwa Diatrypella basi. Ndimakondwa nthawi zonse ndikaona zimenezi, kunja kanthu kooneka ngati litsiro koma mkati mwadongosolo chonchi. Yezani utali ndi m'lifupi mu ma micrometre, masipowa angapo osati imodzi, muonenso mtundu ndi ngati ali ndi khoma pakati. Ngati kulabu kuli mankhwala a ayodini otchedwa Melzer's dontheziranipo, kwa ena nsonga ya kathumba imasanduka yabuluu ndipo zimathandiza kusiyanitsa.

wa_mu_labu:
Zoona mayi. Ndiwonjezere za mayina poti zimasokoneza anthu ambiri, kale fangasi imodzi inkakhala ndi mayina awiri, lina la gawo lobereka ndi timatumba lina la gawo losakwatana, nchifukwa chake mupeza Melanconium ndi Melanconis pa kanthambi kamodzi komweko. Akatswiri a zomera ndi fangasi anagwirizana ku Melbourne mu 2011 kuti dzina likhale limodzi, ndipo kuyeza DNA, makamaka chigawo chake chotchedwa ITS, kwasamutsa ambiri kupita ku magulu ena. Dzina lililonse mwapeza m'buku lakale kaliyang'aneni pa Index Fungorum, kaundula wa pa intaneti wa mayina a fangasi.

wodzala_mitengo:
Zikomo kwambiri nonse. Zili pa mphukira zamoyo za chaka chatha ndipo mizere yatsata utali wa nthambi. Maikulosikopu ndilibe koma mnzanga wa ku koleji akhoza kundithandiza, ndisunge bwanji kuti zisaonongeke?

mayi_wa_bowa:
Dulani tinthambi tingapo, muumitse, muike mu envelopu ya pepala osati pulasitiki chifukwa mungamere nkhungu ina nkusokoneza zonse. Lembani tsiku, malo, ndi mtundu wa birch, ngati mphukira zili ndi ubweya ndi Betula pubescens, ngati zili ndi timatuza tokhakhala ndi pendula. Mukatiuze zimene muone pa silaidi.