Mamendulo awiri a agogo a ku Galway: ndingayambire pati kufufuza?

NaBanda:
Moni nonse. Ndinakwatiwa ndi mwamuna wa ku Ireland ndipo tikukhala ku Galway ndi ana athu awiri. Mwezi watha, pamene tinkathandiza apongozi anga kulongedza katundu poti akusamukira ku nyumba yaing'ono, tinapeza kachitini kadzimbiri kumbuyo kwa kabati. M'kati mwake munali mamendulo awiri okulungidwa m'kansalu, pamodzi ndi chithunzi cha mnyamata wovala yunifolomu ya asilikali a Britain. Apongozi anati amenewo ndi agogo awo aamuna, amene anamwalira iwo ali kamtsikana, ndipo pakhomopo panalibe munthu amene ankatchulako zoti anapita ku nkhondo. M'mphepete mwa mendulo iliyonse mwadindidwa dzina lawo, nambala, ndi mawu akuti CONN. RANG. Mwana wanga wamkulu wandifunsa kuti agogowo anamenyera kuti nkhondoyo, ndipo ine ndasowa chomuyankha. Kodi ndingayambire pati? Nanga n'chifukwa chiyani banja linganyamule nkhani yotere osaiulula kwa zaka zonsezi?

A Mbewe:
Mayi NaBanda, mwachita mwayi, chifukwa nambala imene ili pa mendulopo ndiyo idzakutsegulireni zitseko zonse. Mawuwo akuimira Connaught Rangers, gulu la asilikali limene likulu lake linali ku Renmore, konko ku Galway, ndipo linathetsedwa mu 1922 pamodzi ndi magulu ena a kummwera kwa Ireland. Ngati mendulo imodzi ndi yasiliva yokhala ndi mutu wa mfumu George V, ndipo inayo ili ndi chithunzi cha mkazi wamapiko, ndiye kuti ndi British War Medal ndi Victory Medal, mamendulo a nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Popeza simunatchule mendulo yooneka ngati nyenyezi, n'kutheka kuti anafika kumalo omenyera nkhondo chaka cha 1915 chitatha kale, pokhapokha ngati nyenyeziyo inatayika.

Ndikuchenjezeni pasadakhale kuti mafaelo ambiri a asilikali wamba, pafupifupi atatu mwa asanu alionse, anapsa mu 1940 pamene bomba linagwera nyumba imene ankasungidwamo ku London. Choncho musagwe mphwayi mukapanda kupeza faelo yawo. Makadi a mamendulo anapulumuka ndipo mungawapeze kudzera ku National Archives, malo osungira zikalata za boma la Britain ku Kew mu London, ndipo kaundula wa mamendulo nthawi zambiri amatchula batalioni, ndiko kuti chigawo cha gululo, imene msilikali analimo. Batalioni ndiyo idzayankhe funso la mwana wanu, chifukwa a Connaught Rangers sanamenye malo amodzi: batalioni yachisanu ndi chimodzi inali ku France ndi ku Belgium, ndipo inamenya nawo ku Guillemont mu September 1916, yachisanu inapita ku Gallipoli ku Turkey mu 1915, pamene yoyamba inatumizidwa ku Mesopotamia, kumene lero ndi ku Iraq. Mukaidziwa, werengani buku limene akuluakulu a batalioniyo ankalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku. Dzina la msilikali wamba silipezekamo kawirikawiri, koma mudzadziwa mudzi umene anagonako ndi tsiku limene analowa m'ngalande.

Mayi Chisale:
Ine ndiyankhe funso lanu lachiwiri, achemwali, poti ndi limene landigwira mtima. Amuna a ku Ireland oposa 200,000 anatumikira m'nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndipo ku Ireland kunalibe lamulo lokakamiza munthu kulowa usilikali. Ena analowa chifukwa cha umphawi, poti mkazi wa msilikali ankalandira ndalama mlungu uliwonse. Ena anamvera John Redmond, mtsogoleri wa ndale wa ku Ireland, amene mu September 1914 analimbikitsa omutsatira kuti apite ku nkhondo pokhulupirira kuti ikatha, Ireland idzapatsidwa nyumba yake ya malamulo monga mmene lamulo la chaka chomwecho linanenera. Koma iwo ali kutali, anthu anaukira ulamuliro wa Britain ku Dublin pa Isitala ya 1916, atsogoleri a kuukirako anaphedwa, ndipo mitima ya anthu inatembenuka. Mnyamata amene anatsazikidwa ndi nyimbo pa siteshoni anabwerera m'dziko limene yunifolomu yake inali itasanduka ya mdani. Ena mwa asilikali akalewo anaphedwa pa nkhondo yomenyera ufulu powaganizira kuti ndi akazitape, ngakhale kuti ena, monga Tom Barry, anagwiritsa ntchito luso lomwelo polimbana ndi Britain. Choncho musafulumire kuganiza kuti agogowo anachita chinthu chamanyazi. Ngakhale boma la Ireland linatenga nthawi yaitali kuti liwakumbukire: malo okumbukira asilikali a chilumba chonsechi ku Messines, ku Belgium, anatsegulidwa mu 1998, zaka 80 nkhondo itatha.

A Mbewe:
Ndionjezere pang'ono pa za banja. Kalembera wa 1901 ndi wa 1911 akupezeka mwaulere pa intaneti kudzera ku National Archives of Ireland, ndipo mudzaonamo makolo awo, ntchito yawo, ngakhale kuchuluka kwa zipinda za nyumba yawo. Kalembera wakale kwambiri anapsa ku Four Courts, likulu la makhothi ku Dublin, mu 1922. Samalani ndi mayina ofanana, poti m'parishi imodzi mungathe kupezeka anyamata atatu a dzina limodzi, ndiye musavomereze chikalata cha usilikali ngati nambala yake siikugwirizana ndi ya pa mendulo.

NaBanda:
Zikomo kwambiri a Mbewe ndi inu Mayi Chisale. Mamendulowo ndi omwewo amene mwawafotokoza. Dzulo ndinawerengera apongozi zimene mwalemba, ndipo anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati akukumbukira kuti agogo awo ankatsokomola kwambiri usiku ndipo sankalola kuti chitseko cha kuchipinda kwawo chitsekedwe. Anatinso ali ndi msuweni wawo wachikulire ku Tuam amene anakulira m'nyumba ya agogowo. Tagwirizana kuti Loweruka likudzali tipita kukamuona, ndipo mwana wanga ndi amene adzanyamule kachitiniko ndi kope lolembamo.