Ndigule osewera otha kale kapena ndipitirize ndi mafana anga?

Moni nonse pa gulu, a admin ndiloleni. Ine ndili ndi katimu kanga kuno ku Mchinji timasewera ligi ya m'boma, ndalama zake zimachokera mu shopu yanga ya hadiweya basi palibenso sipansa wina. Chaka chino soya wandiyendera ndiye ndapatula K2.5 miliyoni ya timu. Pali anyamata atatu amene anali mu Super League koma kontirakiti zinatha sanawaonjezere, pano ali free, akuti atha kubwera koma aliyense akufuna K500,000 yosainira, nyumba ndi bonasi pa gemu. Mmodzi ndi sitiraika wa zaka 31 ndinamuona akumenya bonanza pa Kamwendo, mpira ulimo ndithu koma kamimba katulukako.

Mbali inayi ndili ndi mafana 14 a Under 17 amene ndinayamba nawo akusewera chikulunga osavala, ena mabutsi awo oyamba ndinagula ine pa kaunjika. Kochi akuti tiwapatse zaka ziwiri. Koma chimene chikundiwawa ndi ichi, chaka chatha timu ina yaikulu inanditengera goloboyi amene ndinkamulipilira fizi kuyambira Fomu 1, anandipatsa jezi seti imodzi ndi mipira iwiri basi, mwana osatsanzika n'komwe. Ndiye ndizingolimira anzanga? Ndithandizeni maganizo akuluakulu.

Maule Mpaka Kale: Bwana musatope ndi ana. Onani zimene anachita Kalisto Pasuwa atabwera ku Bullets mu 2018, anakhulupilira ana achichepere, a Peter Banda, Chimwemwe Idana, Hassan Kajoke, Charles Petro, anthu tinkalalata kuti watithera timu koma ligi tinatenga kasanu mondondozana mpaka 2023. Peter anakafika ku Sheriff ya ku Moldova kenako Simba ku Tanzania.

Noma Weniweni: Aaa neba mwayambapo. Bullets ili ndi ndalama yosungira anawo, mkuluyu ali ndi shopu imodzi. Mwana akawala pa Mchinji sabata yomweyo anthu a ku Lilongwe afika ndi galimoto. Achimwene tengani sitiraikayo yekha, ana okhaokha akagoletsedwa chimodzi amagwa mphwayi, pamafunika mkulu wowakalipira mu giraundi.

Mayi a Under 14: Funso langa ndi limodzi, anawo munawalembetsa? Goloboyi uja anapita ndi mipira iwiri chifukwa panalibe pepala. Malamulo a FIFA amati osewera akagulitsidwa kunja 5 peresenti ya ndalamayo imagawidwa ku matimu amene anamuphunzitsa kuyambira zaka 12 mpaka 23, koma amayang'ana pamene dzina linalembedwa mu sisitimu, osati amene anagula mabutsi. Pitani kwa a komiti ya mpira ya m'boma mufunse za Mpira Connect, sisitimu ya FAM yolembetsera osewera, ndipo makolo asaine chifukwa ndi ana.

Kochi Wopuma: Za free agent zo samalani madala. Funsani kaye chifukwa chimene anamusiyira, ambiri ndi bondo kapena botolo. Ine wina anadya yosainira Lachisanu, Lolemba foni yazima, tinadzamuona pa chithunzi atavala jezi ya timu ina. Musapereke yonse kamodzi, theka posaina theka ligi ikafika pakati, komanso muone kalata ya kiliyalensi, yomumasula ku timu yake yakale, ndi maso anu. China, mukapatsa mlendo K500,000 pamene mafana anu amalandira Fanta ndi mandasi gemu ikatha, muona okha ayamba kujomba ku tirening'i.

Mwini positi: Zikomo nonse. Mayi mwandilasa, zoona palibe ndi mmodzi yemwe amene ndinamulembetsa, maina ali mu kope la kochi basi. Mawa ndilawira ku boma. Sitiraika uja ndimuuza abwere ayeseko sabata ziwiri tione bondolo, enawo ayi. Koma nanga ana atatu alibe ziphaso za kubadwa, kalata ya ahedi kusukulu amalandira kapena mpaka ku NRB?